Kumanga Kacipinda ka Wailesi ndi Zinthu Zotayidwa: Phunziro la Nyengo ya Cionetsero

Caka catha, mvula itangoyamba, tinaitana mai wina wacikulire wa kumidzi ya kufupi ndi Mtenguleni kuti adzatifotokozere m'mene amasungira mbeu ya nshawa kufikira nyengo yobzala, osagawana ndi makoswe kapena cinyontho. Tinafuna kujambula mau ao ndi kuwatumiza ku nyumba ya wailesi ku Chipata, kuti alimi ena apindule nao. Tinawakhazika m'kalasi lathu la malata, foni tinaika pathebulo, ndipo analankhula bwino lomwe kwa mphindi 20. Titamvetsera madzulo, tinagwidwa manyazi. Mau ao anali ngati a munthu wolankhulira m'mgolo wopanda kanthu, ndipo pamwamba pao panali mvula yogunda malata, tambala wa kukhola, ndi malole odutsa pamseu wa Great East. Mkonzi wa programu anatiyankha mwaulemu kuti omvera sangatolepo kanthu, conco sanaulutse. Mai aja anayenda ulendo wao pacabe. Colakwa cinali canga. Ku koleji ya zaulimi ndinaphunzira kupima nthaka ndi kuwerengera feteleza, koma sindinaganizepo kuti mau naonso ali ndi khalidwe lao limene munthu ayenera kulidziwa.

Ndico cifukwa cake, pamene tinagwirizana kuti gulu lililonse la ophunzira likonze cinthu cokaonetsa pa cionetsero ca zaluso ndi nchito za manja caka cino, ndinapempha kuti gulu limodzi limange kacipinda kojambuliramo mau, pogwiritsa nchito zinthu zokhazo zimene zatayidwa pafamu, kumsika ndi kumagalaji. Phunziro lino lifotokoza m'mene mau amayendera, zipangizo zoyenera ndi zosayenera, kamangidwe kake, ndi kaonetsedwe kake kwa anthu.

Wailesi ndi mlimi wa kuno

Ubale wa wailesi ndi mlimi wa kuno si wa dzulo. Kuulutsa mau kunayamba ku Lusaka mu 1941, m'nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, koma anthu a kumidzi analibe comvera. Mu 1949 Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, atagwirizana ndi kampani ya Ever Ready ya ku Britain, anabweretsa kawailesi ka batire kogula mapaundi 5. Thupi lake linali poto ya aluminiyamu yopanda cigwiriro, ndipo dzina lake linangokhala Saucepan Special. Cipangizo cimene cinafikitsa Cinyanja ca pawailesi m'midzi ya makolo athu cinavekedwa ciwiya ca kukhichini. Sitiyenera tsono kucita manyazi ndi mapulanga akale.

M'zaka za m'ma 1960 boma la Zambia linayambitsa magulu a Radio Farm Forum, momwe alimi amasonkhana kumvera programu ya zaulimi, kukambirana zimene amva, ndi kutumiza mafunso ao. Pambuyo pake nyumba za wailesi zinafika pafupi nafe: Radio Maria ku Chipata, Breeze FM imene a Mike Daka anakhazikitsa mu 2002, Chikaya ku Lundazi, Mphangwe ku Katete, ndi Explorers ku Petauke. Ambiri a inu mudziwa m'mene a Gogo Breeze anachukira cifukwa coyenda m'misika ndi m'midzi atanyamula kojambulira mau, kuti madandaulo ndi nzeru za anthu wamba zimveke. Khomo lakuti mlimi alankhule yekha pawailesi lilipo. Koma mkonzi wa programu sangalandire mau amene womvera wa ku Chadiza kapena ku Vubwi, pa kawailesi ka batire lofooka, sadzawamva. Kacipinda kathu kafuna kuthetsa vuto limeneli.

Malire a nchito yathu

Tisanakhome msomali ngakhale umodzi, tigwirizane pa cinthu ici: kacipinda kathu n'kojambuliramo mau cabe, sikoulutsira. Kuno ku Zambia cilolezo coulutsa cimacokera ku bungwe la IBA, ndipo malo a wailesi iliyonse mumlengalenga amagawidwa ndi bungwe la ZICTA. Lamuloli lili ndi cifukwa cake. Mawailesi a FM amakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo pamwamba pake pomwepo pamayambira njira zimene ndege zimagwiritsa nchito. Kamakina kopangira kunyumba kangathe kutayikira m'njira za eni.

Nkhani ya Gabriel Kondesi wa ku Mulanje, ku Malawi, itiphunzitsa zambiri. Mnyamatayu, amene sanamalize sukulu ya pulaimale, anapanga wailesi yake yochedwa Pachikweza ndi timawailesi takale, mabatire ndi mawaya, ndipo anthu a m'midzi yozungulira anali kuimvera. Mu 2009 anamangidwa cifukwa coulutsa popanda cilolezo, nalamulidwa kulipira cindapusa ca K50,000 ya Malawi. Anthu akufuna kwabwino anathandiza kulipira ndalamazo. Luso lake linali loona, ndipo litsimikiza kuti zinthu zotayidwa zingagwire nchito yaikulu. Koma ife sitifuna kuti wophunzira wathu aliyense akagone m'citokosi. Tidzajambula, tidzakonza, ndipo tidzapereka mauwo kwa amene ali ndi cilolezo.

Adani awiri a mau abwino

Mau ndi kunjenjemera kwa mpweya. Amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi imodzi, ndipo akagunda cinthu colimba ndi cosalala amabwerera. M'kalasi la mamita 7, mau angathe kucoka kukhoma lina kufika kulinzake pafupifupi nthawi 50 pa sekondi. Khutu la munthu lidziwa kusankha liu la wolankhula ndi kunyalanyaza zotsalazo, koma maikolofoni ilibe nzeru imeneyo. Imatola zonse mofanana. Conco adani athu ndi awiri, ndipo mankhwala a mmodzi sacitira mnzake.

Mdani woyamba ndi phokoso la kunja. Limeneli limachingidwa ndi zinthu ziwiri: kulemera kwa khoma, ndi kusowa kwa mipata. Akatswiri amapima kukula kwa phokoso ndi muyeso wochedwa desibelo. Mukawirikiza kawiri kulemera kwa khoma, phokoso lodutsa limatsika ndi madesibelo 5 kapena 6 cabe. Koma kuti khutu limve kuti phokoso lacepa ndi theka, pafunika madesibelo pafupifupi 10. Ndiye kuti kulemera kuyenera kukwera pafupifupi kanayi. Za mipata, kumbukirani thumba losungiramo cimanga losalowa mpweya lija: likaboola pamodzi pokha, anankafumbwe amakhala ndi moyo, ngakhale thumba lonse likhale latsopano. Mau ali cimodzimodzi. Pamene mpweya udutsa, phokoso lidutsanso.

Mdani waciwiri ndi mau obwerera m'kati, amene anacititsa mai aja kumveka ngati ali m'mgolo. Amenewa amathetsedwa ndi zinthu zofewa, zokhala ndi timipata tambirimbiri, ndiponso zocindikala. Mau akalowa m'bulangete, mpweya umakhuzana ndi ulusi wake, ndipo mphamvu yao imathera momwemo. Kucindikala n'kofunika pa cifukwa ici: mau amayenda ngati mafunde, ndipo cofewa cimamwa bwino funde pamene kucindikala kwake kwafika gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wa fundelo. Mau onjenjemera nthawi 1,000 pa sekondi, amene ali pakati penipeni pa kalankhulidwe ka munthu, ali ndi funde la masentimita 34. Gawo lacinayi ndi masentimita 8.5. Ndico cifukwa cake tidzaika zofewa za masentimita 10. Citenje cimodzi copacikidwa pakhoma cimangomwa mau aang'ono apamwamba, n'kusiya kugunda kwa pansi kuja kumene kumaononga zonse.

Pano ndiyenera kucenjeza za mathileyi a mazira, pakuti ambiri mwaona zithunzi za zipinda zomatidwa nao. Mathileyi ndi opepuka, conco sachinga phokoso la kunja. Ndi opyapyala, conco amamwa mau obwerera pang'ono cabe. Ndiponso amayaka msanga. Afanana ndi zipangizo za m'nyumba za wailesi m'maonekedwe okha.

Mukafuna citsanzo ca nyumba yogonjetsa adani onse awiri, lowani m'nyumba ya agogo anu ya dothi ndi udzu. Khoma la dothi ndi lolemera, denga la udzu ndi lofewa ndi locindikala, ndipo mvula siligunda ngati ng'oma. Tikanawakhazika mai aja m'nyumba yotero, mau ao akanaulutsidwa. Amene afuna kacipinda kokhazikika kumudzi amange ndi njerwa za dothi, afolere ndi udzu. Kathu kayenera kunyamulidwa kupita kucionetsero, conco tidzakamanga m'zigawo.

Kusankha zipangizo

Za kulemera, sonkhanitsani zitseko zakale, mapulanga a mapaleti, matabwa ocoka kumabenci othyoka, ndi zitsulo za migolo yophwanthidwa. Malata okha sakwanira, pakuti amalira; angagwire nchito pokhapokha atakhomeredwa zolimba pa thabwa, pakati pataikidwa mphira.

Za kufewa, zabwino koposa ndi mabulangete akutha, nsanza za salaula zosagulika, zidutswa za nsalu za kwa atelala, thonje lokanidwa kumsika, ndi khonje. Mankhusu a mpunga ndi zopalapala za kwa akalipentala zithandizanso, makamaka cifukwa mankhusu a mpunga saola msanga. Makoko a nshawa tili nao ambiri, koma atengedwe ouma gwa, opepetedwa, opanda njere ndi opanda cuku. Gaga ndi zitsononkho zotsala maso musaike konse, mungamangire makoswe nkhokwe.

Za kuphimba zofewazo m'kati, gwiritsani nchito ciguduli kapena citenje cakale. Muyeso wake ndi wosavuta: ikani nsaluyo pakamwa, uzirani. Mpweya ukadutsa, mau adzadutsanso kukafika kuzofewa. Matumba a feteleza okhala ndi pulasitiki m'kati amalephera muyeso umenewu, ndiponso amacita phokoso munthu akawakhudza.

Zinthu izi zikanidwe ndithu, ngakhale zipezeke kwaulere. Zigubu ndi migolo imene inali ndi mankhwala opopera thonje kapena fodya. Matumba a mbeu yopakidwa mankhwala, ofiira kapena obiriwira m'kati. Zidutswa za denga la asibesito, pakuti fumbi lake podula limaononga mapapo, ndipo matenda ake amaonekera patapita zaka zambiri. Matilesi a siponji, pakuti akagwira moto amayaka mwacangu ndi utsi wakupha. Munthu adzakhala m'kacipindaka citseko cili cotseka, akupuma ciliconse cimene taikamo.

Miyeso ndi kamangidwe

M'kati mukhale mamita 2.0 m'litali, mamita 1.6 m'lifupi, ndi mamita 2.2 msinkhu. Mukwana anthu awiri, wofunsa ndi woyankha, ndi kathebulo. Onani kuti miyeso itatuyi ndi yosiyana. Cipinda cofanana mbali zonse cimakuza liu limodzi mopitirira, monga botolo limalirira mukauzira pakamwa pake.

1. *Pansi.* Gonekani matayala akale 6 pamalo osalaza, mudzaze mcenga kuti asasunge madzi oswera udzudzu. Pamwamba pake ikani mapaleti, khomerani matabwa osasiya mpata, ndipo yalani ciguduli ndi mphasa. Matayalawo amacepetsa kugunda kwa mapazi ndi kwa magalimoto kodzera m'nthaka, ndiponso amatalikitsa mapulanga ndi ciswe.

2. *Mafelemu.* Imikani nsanamira zinayi m'ngodya. Pakati pake padzalowa zigawo 8 za khoma: zinayi za mita 1.0 m'lifupi, zinayi za mamita 0.8, zonse za mamita 2.2 msinkhu, ndi kuya kwa masentimita 10. Cigawo ciliconse cigawidwe ndi mitanda yopingasa pa masentimita 55 alionse, kuti zofewa zisatsikire pansi paulendo.

3. *Khungu la kunja.* Khomerani matabwa mizere iwiri, woyamba coimirira, waciwiri copingasa, kuti mipata ya mzere wina iphimbidwe ndi unzake. Pakati pa mizereyo yalani mphira wa macubu akale a galimoto. Timipata totsala mumate ndi utuci wosakaniza ndi guluu wa akalipentala. Cigawo cikatha cizilemera makilogalamu 50 mpaka 70, cakuti anthu awiri n'kucikweza pangolo.

4. *Zofewa.* Makoma ndi denga pamodzi ali ndi malo okwana masikweyamita pafupifupi 19. Pa kuya kwa masentimita 10, pafunika zofewa zodzaza matumba a cimanga a makilogalamu 50 okwana 25 mpaka 27. Yambani kusonkhanitsa tsopano, pakuti imeneyi ndiyo nchito yocedwetsa. Zonse zicapidwe kapena kupepetedwa, ziyanikidwe padzuwa masiku atatu. Musatsendere ngati mukumanga belo la fodya. Zikhale zodzaza koma zopuma. Gwirizani ndi waya wa khola la nkhuku, ndipo phimbani ndi ciguduli.

5. *Denga.* Limangidwe ngati makoma, m'zigawo ziwiri. Ngati kacipinda kadzaima panja, mangani mthunzi wa udzu pamwamba pake, wosakhudzana nako. Malata pamwamba pa kacipinda ka mau ndiwo anatigwetsa caka catha.

6. *Citseko.* Apa ndipo nchito zambiri zotere zimalepherera. Sankhani citseko colemera koposa zonse, muonjezere thabwa, ndipo m'mbali monse mwa felemu khomerani malegeni opindidwa kawiri, kuti citseko cizifinya mphira potseka. Cizitsegukira kunja, cikhale ndi cigwiriro m'kati, ndipo pasakhale loko kapena mpiringidzo wakuti munthu wa kunja n'kutsekera mnzake. Pacionetsero pamakhala ana ambiri.

7. *Zenera.* Magalasi awiri, otalikirana masentimita 10, aliyense atakhala pamphira. Akakhala osiyana kucindikala ndi bwino koposa, pakuti sanjenjemera pamodzi. Magalasi a m'mbali mwa galimoto yakufa ndi abwino, koma sadulika: mukayesa kuwadula amasweka tizidutswa tokhatokha. Pangani felemu motsatira galasi, osati galasi motsatira felemu.

8. *Kulumikiza.* Zigawo zilumikizidwe ndi mabauti, pakati pataikidwa malegeni, kuti zizimasulidwa. Lembani nambala pacigawo ciliconse ndi pansanamira yake.

Mpweya, moto ndi magetsi

Tanena kuti pasakhale mpata, koma anthu awiri ayenera kupuma, ndipo kutentha kwa Okutobala kuno mukudziwa. Yankho lake ndi njira yokhotakhota. Pangani mabokosi awiri a thabwa, aliyense wokhala ndi njira ya mpweya yokhota kawiri kapena katatu, yoyalidwa bulangete m'kati. Mpweya umakhota n'kudutsa, koma mau amagunda zofewa pa ngodya iliyonse n'kufooka. Bokosi limodzi likhale pansi lolowetsa mpweya, lina pamwamba, kumbali ina, lotulutsa wotentha. Kukamwa kwake muike sefa wochinga tizilombo. Kafani ka mavoti 12 kocoka m'kompyuta yakufa kangaikidwe kumapeto a kunja kwa bokosi la pamwamba. Ngakhale zili conco, lamulo likhale lakuti pakatha mphindi 15 citseko citsegulidwe.

Pafupifupi zonse zimene tamangira n'zoyaka. Kandulo, koloboyi, mbaula ndi fodya zisalowe, ndipo pakhomo pakhale ndowa ya mcenga ndi ya madzi. Kuunika kucokere ku nyali ya LED, imene sitentha. Batire la galimoto kapena la sola likhale kunja m'bokosi lake lopita mphepo, pakuti podzazidwa moto limatulutsa mpweya wophulika, ndipo madzi ake amaocha. Waya wocoka kubatire ukhale ndi fyuzi.

Kojambulira, foni ya m'manja ikwanira. Muiike pa njira ya m'ndege kuti wina asaimbe pakati pa nkhani. Maikolofoni italikire cikhatho cimodzi kucoka pakamwa, masentimita 15 mpaka 20. Mtunda ukawirikiza kawiri, liu limatsika ndi madesibelo 6 pamene phokoso la kunja silitsika. Caka catha foni inali pathebulo, mita yathunthu kucoka kwa wolankhula. Kansalu kopyapyala kokungidwa pa mkombero wa waya, koimikidwa pakati pa kamwa ndi maikolofoni, kamaletsa kuphulika kwa mpweya pa mau monga *phala* ndi *thumba*, amene m'cinenero cathu ndi oculuka. Pathebulo yalani bulangete, ndipo mpando wolira ucotsedwe.

Kuyesa nchito

Mlimi sakhulupirira mbeu asanaiyese kameredwe. Kacipinda nakonso kayesedwe kanayi. Coyamba, usiku, mmodzi alowe n'kutseka, wina azungulire kunja ndi toci. Paliponse pamene kuwala kwalowa pamatidwe. Caciwiri, ombani m'manja kamodzi m'kati: kulira kuzithera pomwepo, kosasiya mcira. Cacitatu, ikani wailesi yolira pa mamita 3 kunja, mujambule mphindi imodzi citseko cili cotsegula, inanso cili cotseka, ndipo muyerekeze. Cacinayi, munthu mmodzi awerenge ndime yomweyo m'kalasi ndi m'kacipinda, ndipo ena amene sanaone asankhe yomveka bwino.

Musayembekeze zosatheka. Khoma la matabwa lonyamulika silingathetse kugunda kwa jenereta, thirakitala kapena zimkuzamau za pabwalo la cionetsero, pakuti mau apansi oterowo amapyola ngakhale njerwa. Pemphani malo akutali ndi nsanja ya zoimbaimba, citseko ciloze kumene kulibe phokoso, ndipo nkhani zofunika zijambulidwe m'mamawa. Kusankha malo kudzakupindulirani koposa thabwa lina loonjezera.

Kuonetsa kwa anthu

Ulimi ndi luso la zosemasema si alendo kwa wina ndi mnzake. M'bwalo la cionetsero ca zaulimi ku Lusaka, cimene cimacitika kumayambiriro kwa Ogasiti, muli nyumba ya zaluso yochedwa dzina la Henry Tayali, mmisiri amene anabadwa mu 1943 namwalira mu 1987, yemwe anapanga cifanizo ca The Graduate pa yunivesite ya Zambia. Amene apita kukaona ng'ombe ndi mathirakitala angathe kulowanso kukaona zithunzi ndi zosema. Kacipinda kathu kayenera kuima bwino pamaso pa anthu a mbali zonse ziwiri.

Malangizo anga ndi akuti musabise kumene zinthu zinacokera. Musapake penti imodzi yophimba zonse. Thabwa la benci lioneke kuti linali benci, citsulo ca mgolo cioneke kuti cinali mgolo. Lamulo la zokongoletsa likhale limodzi: ciliconse coikidwa kunja cionjezere kulemera, ndipo cisagwedere. Makasu akutha, mipeni ya pulao, zitini zophwanthidwa ndi zitsekerero za mabotolo zingakhomeredwe m'mizere ndi m'maluwa, koma zolimba, pakuti kacitsulo kamodzi kogwedera kadzamveka m'zojambula zonse. Cigawo cimodzi cimatidwe dothi pa waya, ndipo amai a m'gulu acilembe ndi katondo, makande ndi phulusa monga amakometsera makoma kumudzi. Dothilo lidzakongoletsa ndi kuchinga phokoso nthawi imodzi. Mkombero wa njinga ungaimikidwe pamwamba ngati cizindikiro ca mlongoti, koma usalumikizidwe ku waya uliwonse. Nyali yofiira ya kumbuyo kwa galimoto iikidwe pamwamba pa citseko, iziyaka pamene mukujambula.

Pambali pa cinthu ciliconse pakhale kapepala ka mizere itatu m'Cinyanja: dzina lake, kumene cinatoledwa, ndi nchito imene cikugwira. Siyani kabowo kamodzi kophimbidwa ndi galasi kuti anthu aone mizere ya m'kati mwa khoma. Woonerera akacoka atadziwa kusiyana kwa cochinga phokoso ndi comwa mau obwerera, ndiye kuti watenga cinthu cokagwiritsa nchito kwao.

Koma coonetsa ceniceni ndi munthu wokhala kuseri kwa galasi. Konzani mafunso atatu aafupi, monga akuti: mbeu yanu mumasunga bwanji, mvula ya caka catha inakuphunzitsani ciyani, ndipo mukanafuna kufunsa ciyani kwa alangizi. Mlendo aliyense apatsidwe mphindi zitatu, ndipo amvetsere mau ake asanacoke. Asanalowe, muuzeni momveka kumene mauwo adzapita, ndipo cilolezo cake cijambulidwe poyamba penipeni. Wofuna kuti dzina lake lisachulidwe, lisachulidwe. Wofuna kuti mau ake afafanizidwe, afafanizidwe iye akuona. Mwana asajambulidwe popanda kholo. Nkhani zoneneza munthu pomuchula dzina, ndi za miyambo imene eni ake saitulutsa pabwalo, zisajambulidwe. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mlomo wojambulidwa umatsata munthu zaka zambiri, ndipo ife ogwira foni tili ndi udindo pa iwo.

Nchito ya mwezi uno

Mutu umodzi susenza denga, conco gulu ligawike patatu. Oyamba asonkhanitse ndi kuyanika zofewa, ndipo alembe m'buku kumene thumba lililonse lacokera. Aciwiri afune matabwa, citseko, magalasi ndi matayala, napemphe eni ake asanatenge. Cotayidwa ca pakhomo pa munthu cikhala cake kufikira atapereka. Acitatu amange cigawo cimodzi cokha ca mamita 0.8, ticiyese ndi kucikweza pasikelo tisanadule matabwa ena onse.

Pokumana Laciwiri likudzali, bwerani mutaganizira mafunso awa:

1. N'cifukwa ciyani bulangete silingachinge phokoso la cigayo, ndipo n'cifukwa ciyani khoma la simenti silingathetse mau obwerera?
2. Kumudzi kwanu, ndi nyumba iti imene ingagwire nchito yojambuliramo mau lero lomwe, popanda kumanga kanthu? Perekani zifukwa ziwiri.
3. Ngati m'kati mwa kacipinda mukanakhala mamita 2.4 m'litali, miyeso ina osasintha, pakanafunika matumba angati a zofewa?
4. Ndani m'mudzi mwanu amene ali ndi nzeru ya ulimi yosalembedwa m'buku lililonse, ndipo mungamufunse mafunso atatu ati?

Cionetsero cikatha, kacipindaka sikadzaphwasulidwa kukhala nkhuni. Kadzaimikidwa pansi pa mthunzi kuseri kwa nkhokwe, kutali ndi mseu, kuti magulu a alimi azikagwiritsa nchito. Ndatumiza kale uthenga wopepesa kwa mai aja a kufupi ndi Mtenguleni, ndi kuwapempha kuti akhale oyamba kulowamo nshawa za caka cino zisanalowe m'nkhokwe. Ayankha kuti adzabwera, koma tikawatenge pangolo.